Chingwe cha Mfundo Ziwiri

Ndinazungulira Tete ndi chingwe m'thumba,
chingwe cha mfundo ziwiri.
Kuchokera pa mfundo iyi kufika pa inayo
ndiko kutambalala kwa njinga ya Telima,
mwana wanga amene miyendo inamukana ali ndi zaka zinayi.
Anzanga akamafuna nyumba amayang'ana denga.
Ine ndimayambira pakhomo.

Ku Matema anandionetsa ya penti wobiriwira,
matailosi ozizira ngati mwala wa m'Zambezi,
mpope m'kati, feni kudenga.
Chingwe chinalowa, kutsala malo a chikhatho.
Mtima unati, Jasinta, ndi yomweyi.
Mwini wake anatchula mtengo maso ali pafoni:
mametikali zikwi zisanu ndi zinayi,
miyezi itatu kulipiriratu.
Ndinayamikira maluwa ake, n'kutuluka.

Paja ine ndimasoka mayunifomu pakhonde la sitolo ya eni.
Ezekiya amalondera pageti la kampani ya malasha,
ndipo malipiro ake amafika pakhomo ali wefuwefu,
ngongole zitawaluma kale m'njira.

Ku Moatize inali yotchipa, pafupi ndi ntchito yake.
Ndinapaka chala pawindo, chinabwera chakuda bii.
Ndinakumbukira chifuwa cha Zito,
mluzu uja amaimba usiku mphumu ikamugwira.
Pakhomo panali masitepe atatu.
Atatu okha, mayi, anatero wotiperekeza.
Kwa inu ndi atatu.
Kwa Telima ndi phiri la Domwe.

Usiku tinayala mphasa panja, m'nyumba muli ng'anjo,
ndinatembenuza lisiti la magetsi n'kuyamba kulemba:
lendi, madzi, makala, chapa ya m'mawa ndi madzulo,
mankhwala opopera, makope,
kangachepe kotumiza ku Ulongwe mvula ikayandikira.
Pepala linatha, zofunika zisanathe.
Ina ya kutali inaoneka yotchipa masana,
koma titaiwerengera chapa inaposa inzake.

Ezekiya anati, abale akabwera adzati chiyani
kutipeza kuseri kwa nyumba ya munthu?
Ndinati lendi salipira ndi maso a alendo.
Anakhala chete nthawi yaitali.
Kenaka anapempha pensulo,
nafufuta yekha mzere wa mowa wa Loweruka.

Ku Chingodzi, kwa Dona Firimina,
kuseri kwa khola la mbuzi lomwe linasiya ntchito,
kunali zipinda ziwiri za njerwa zosapaka,
simenti yong'aluka pakona ngati chidendene cha m'chilimwe.
Mpope ndi umodzi, mabanja anayi.
Koma bwalo ndi lathyathyathya mpaka kuchimbudzi,
sukulu imamveka belu lake,
ndipo mtengo wa masau umagwira dzuwa la masana
lisanafike pamalata.
Zikwi zitatu ndi theka.

Ndinatulutsa chingwe.
Khomo linaperewera zala ziwiri.
Zala ziwiri zokha!
Ndinayamba kuchikulunga kuti ndizipita.

Dona Firimina anafunsa za chingwecho, ndinawauza.
Sananene kuti pepani.
Anakuwira mdzukulu wawo wopala matabwa:
iwe Abiliyo, bwera ndi nyundo,
felemu iyi inandinyansa kalekale.

Tinasamuka Lamlungu pa ngolo yobwereka,
makina osokera ndili nawo pamiyendo ngati khanda.
Telima anakana kukankhidwa.
Anapalasa yekha kuchokera pampanda,
kudutsa pampope, amayi akusuntha zidebe,
nalowa osakhudza uku kapena uku,
n'kutembenukira pakati pa chipinda
kutiyang'ana ife otsalira panja.

Denga likudontha pamalo amodzi, tapadziwa kale.
Okutobala adzatiwotcha monga amawotchera aliyense.
Mwezi uno, titalipira zonse,
patsala mazana awiri m'chitini cha mabatani.

Chingwe chija tapachikira katani wa kuchipinda.
Mfundo sindinamasule.
Mwana akukula, njinga idzasintha,
ndipo tsiku lina ndidzayezanso.